Momwe mungalondolere mbiri ya single yochotsedwa pamsika: chitsanzo cha gulu la XTC

Wogulitsa mbale zakale akangonena kuti "iyi inachotsedwa pamsika", dziwani kuti mtengo wakwera kale musanafunse n'komwe. Kuno ku England mawu amenewa mumawamva pafupifupi pa tebulo lililonse m'misika ya mbale zakale, ndipo pa eBay ndiye osakamba. Ena amanena zoona, ena amangobwereza zomwe anamva kwa anzawo, pomwe ena akufuna kukudyerani masuku pamutu. Ine ndimasonkhanitsa ma single, timbale ta mainchesi 7 tomwe kawirikawiri timakhala ndi nyimbo imodzi mbali iliyonse, ta magulu oyimba a ku Britain, ndipo ndikufuna ndikuonetseni momwe ndimafufuzira nkhani yotere ndisanaikhulupirire. Chitsanzo changa ndi XTC, gulu la ku Swindon. Ndimalikonda kwambiri, komanso ma single awo ku kampani ya Virgin anayamba ndi mbale yochotsedwa mu 1977 n'kudzathera pa ina yochotsedwa mu 1992.

Yambani ndi funso ili: mbaleyo inaimitsidwa itafika pati? Single imadutsa m'manja ambiri isanafike kwa wogula. Kampani imaipatsa nambala. Katswiri amadula nyimboyo pa mbale yoyamba yomwe amapangirapo zidindo zachitsulo. Fakitale imadinda mbale zochepa zoyesera, nthawi zambiri zokhala ndi lebulo yoyera yopanda dzina. Kenako pamabwera zopita ku mawailesi ndi kwa atolankhani, ndipo pomaliza zikwizikwi zopita m'masitolo. Akuluakulu a kampani akhoza kusintha maganizo paliponse panjira imeneyi. Akasintha koyambirira, chotsala ndi nambala yokha papepala. Akasintha mbale zitadindidwa kale, amazibweza n'kuziphwanya, koma zingapo zimapulumukira m'zikwama za ogwira ntchito kapena m'madilowa a oulutsa mawu. Zopulumuka zimenezi ndi zomwe anthu amalimbirana lero.

Pali zinthu zina zomwe ogulitsa amakonda kuziphatikiza ndi kuchotsedwa pamene sizikugwirizana. Mu Januwale 1978 XTC inatulutsa "Statue of Liberty", ndipo BBC inakana kuiulutsa chifukwa cha mzere wina womwe ankauona ngati wolaula. Koma mbaleyo inali m'masitolo, aliyense wofuna ankagula. Imeneyo inaletsedwa pa wailesi basi. Palinso mbale zomwe kampani imangosiya kudinda malonda akazilala, zomwe zimachitikira pafupifupi single iliyonse. Zina amadinda zochepa dala: mu 1992 gulu la The Wedding Present linkatulutsa single imodzi mwezi uliwonse, 12 pachaka, iliyonse mbale 10,000 zokha. Zimenezo n'zosowa pang'ono, koma palibe anazibweza.

Nthawi zina chomwe chimachotsedwa ndi chikuto chokha. Chitsanzo chodziwika ndi cha The Smiths mu 1984. Pa chikuto cha "What Difference Does It Make?" anaikapo chithunzi cha katswiri wa mafilimu Terence Stamp. Mwiniwakeyo anakana, kampani ya Rough Trade n'kuikapo chithunzi cha woyimba wawo Morrissey atanyamula tambula ya mkaka, ataima mofanana ndi Stamp uja. Patapita nthawi Stamp anavomera, chikuto choyamba chija n'kubwerera. Ndiye wina akakuuzani kuti chikuto cha Stamp n'chochotsedwa, sananame, koma sanamalizenso nkhani, pakuti chinadzadindidwanso chambiri.

Tsopano tengani nambala ya mbale. Ili pa lebulo, nthawi zambiri pafupi ndi dzina la kampani, ndipo kwa ine ndi umboni woyamba wodalirika. Makampani ankapereka manambala motsatizana, choncho nambala imakuuzani nyengo yomwe mbale inakonzedwa ngakhale isanatuluke. Ma single a Virgin ankayamba ndi zilembo VS. "God Save the Queen" ya Sex Pistols ndi VS 181, ndipo inatuluka pa 27 Meyi 1977. "Pretty Vacant" ya gulu lomwelo ndi VS 184, ya mu Julayi. "Holidays in the Sun" ndi VS 191, ya pa 14 Okutobala. Kambale ka XTC ka "Science Friction", komwe kuseri kwake kuli "She's So Square", ndi VS 188. Musanawerenge buku lililonse mwadziwa kale kuti kanakonzedwa pakati pa Julayi ndi Okutobala 1977. Lembani manambala oyandikana nawo papepala, asanu kumbuyo ndi asanu kutsogolo, pambali pa iliyonse mulembe tsiku lomwe inatuluka. Masamba a pa intaneti a 45cat ndi Discogs amakulolani kuona mbale za kampani imodzi motsatira manambala. Pamene pali mpata, kapena nambala imodzi ili ndi nyimbo ziwiri zosiyana, pamenepo pali nkhani yoti muikumbe.

Nkhani ya VS 188 ili motere. Nthawi imeneyo XTC inali ya anyamata anayi, Andy Partridge, Colin Moulding, Terry Chambers ndi Barry Andrews, ndipo anali atangosaina kumene ndi Virgin. Anajambula nyimbo zawo zoyamba ndi John Leckie. Kampani inadinda kambale ka mainchesi 7 kaja koma n'kukachotsa, ndipo chomwe anthu anagula mu Okutobala 1977 chinali mbale ya mainchesi 12 yotchedwa 3D EP, momwe muli nyimbo ziwiri zomwezo kuphatikizapo "Dance Band". Apa nyimbo sinabisidwe ayi. Anthu anaimva, anaigula. Chomwe chinasowa ndi kambale kakang'onoko, ndipo n'chifukwa chake lero 3D EP mumaipeza pamtengo woti munthu wamba angakwanitse pomwe VS 188 ili m'gulu la mbale zodula kwambiri za nyengo imeneyo. Polemba mbiri yanu musiyanitse ziwirizi: tsiku lomwe nyimbo inafika kwa anthu, ndi zomwe zinachitikira mtundu uliwonse wa mbale yomwe inanyamula nyimboyo.

Mukatha manambala pitani ku nyuzipepala za nthawi imeneyo. Music Week, nyuzipepala ya eni masitolo ndi makampani a nyimbo, inkasindikiza mndandanda wa mbale zatsopano sabata iliyonse. NME, Melody Maker, Sounds ndi Record Mirror zinkalemba ndemanga za ma single ndi kuika malonda a makampani. Makope ambiri akale a Music Week ndi Record Mirror alipo aulere pa tsamba la World Radio History, ndipo amene muli pafupi ndi London mukhoza kulembetsa ku British Library ku St Pancras n'kukawerenga komweko. Koma chenjerani ndi mindandanda imeneyi. Inkalembedwa kuchokera ku zomwe makampani alonjeza, masiku angapo mbale isanatuluke. Mbale ikhoza kulengezedwa, mtolankhani n'kuilembera ndemanga kuchokera ku kope lomwe anamutumizira, koma osafika m'sitolo ngakhale imodzi. Werenganinso masabata atatu kapena anayi otsatira. Muone ngati yasunthidwa tsiku, ngati malonda ake apitirira, kapena ngati yangoti zii.

Kachinthu kena komwe kamathandiza msanga: onani kuti tsiku lomwe mwapatsidwalo linali lachingati. M'zaka za m'ma 1970 ma single a ku Britain ankatuluka kwambiri Lachisanu. 27 Meyi ndi 14 Okutobala 1977 onse anali Lachisanu. M'zaka za m'ma 1990 tsiku lake linali Lolemba, mpaka mu Julayi 2015 pamene maiko anagwirizana zobwerera ku Lachisanu. Tsamba lina likakupatsani Lamlungu kapena Loweruka, kawirikawiri limenelo ndi tsiku la tchati (mndandanda wa sabata iliyonse wa mbale zogulidwa kwambiri) kapena la pa chikuto cha nyuzipepala.

Matchati ali pa tsamba la Official Charts Company, ndipo kufufuza n'kwaulere. Mbale ikapezeka pa tchati ndiye kuti inagulitsidwa m'masitolo, nkhani yatha. Ikasowa, simunatsimikizebe kanthu, chifukwa mbale zambiri zinatuluka bwinobwino koma osagulidwa mokwanira. Mpaka Meyi 1978 tchati inkathera pa nambala 50, kenako anaikulitsa kufika pa 75.

Tifike pa 1992, pomwe mtima wanga uli. Chimbale cha Nonsuch chinatuluka mu Epulo chaka chimenecho, chojambulidwa ndi Gus Dudgeon, yemwe ambiri amamudziwa chifukwa cha ntchito yake ndi Elton John. Apa n'kuti gulu latsala anthu atatu, Partridge, Moulding ndi Dave Gregory, ndipo anali atasiya kuyimba pamaso pa anthu kuyambira 1982 chifukwa cha mantha aakulu omwe ankamugwira Partridge akakwera pa siteji. Gulu losayendayenda limadalira wailesi ndi ma single kuti anthu adziwe kuti chimbale chatuluka, ndiye single iliyonse inali yofunika kwa iwo kuposa kwa anzawo. Yoyamba, "The Disappointed", inafika pa nambala 33. Yachiwiri, "The Ballad of Peter Pumpkinhead", inathera pa 71. Yachitatu inayenera kukhala "Wrapped in Grey", nyimbo yodekha ya piyano ndi zingwe za vayolini, yolimbikitsa munthu kuti asalole anthu ouma mtima amuphere chimwemwe. Virgin inaidinda, kenako n'kuibweza isanagulitsidwe, ndipo makope ambiri anawonongedwa.

Pofufuza chifukwa chake m'pamene anthu ambiri amatererera. Munthu amapeza zinthu ziwiri zomwe zinachitika chaka chimodzi n'kuzimanga pamodzi ngati china chinabala chinzake. N'zoona kuti mu 1992 Richard Branson anagulitsa Virgin Records ku Thorn EMI pamtengo woposa mapaundi 500 miliyoni, ndipo eni atsopanowo anachepetsa antchito ndi oyimba. N'zoonanso kuti single yachiwiri ija sinayende malonda. Zonsezi zilembeni, chifukwa zimaonetsa nyengo yomwe chiganizocho chinapangidwa. Koma muzilembe ngati zochitika za nthawiyo, ndipo mawu akuti "chifukwa" muwasungire pomwe muli ndi munthu wa mkati yemwe ananena yekha. Pa XTC chomwe tili nacho kuchokera kwa eni ake ndi mbali ya zotsatira. Partridge wakhala akufotokoza poyankha atolankhani kuti kuchotsedwa kwa single imeneyi n'kumene kunawafikitsa pamapeto ndi Virgin. Madandaulo analipo kale, a ndalama zomwe sankaziona ngakhale zimbale zinkagulidwa, komanso mlandu wautali ndi yemwe anali manijala wawo poyamba. Oyimbawo ananyanyala kujambula nyimbo zatsopano mpaka kampani itawamasula, ndipo chimbale chotsatira, Apple Venus Volume 1, chinadzatuluka mu 1999 kudzera ku kampani ina. Zaka 7 zopanda chimbale chatsopano, pa nthawi yomwe Blur ndi magulu ena achinyamata omwe anaphunzira zambiri kwa iwo ankalamulira matchati. Ine ndimaona kuti Virgin inalakwitsa. Nyimbo imeneyo inali ndi mphamvu yofika kwa anthu omwe sanamvepo za XTC, ndipo ndalama zodindira zinali zitapita kale.

Musaiwale kulondola zomwe zinachitika pambuyo, chifukwa mbiri ya single yochotsedwa siithera tsiku lomwe yabwezedwa. Mu 1996, gulu likadali pa sitalaka, Virgin inatulutsa Fossil Fuel, chimbale chosonkhanitsa ma single onse a XTC kuyambira 1977 mpaka 1992. Nyimbo yotsegulira ndi "Science Friction", yotsekera ndi "Wrapped in Grey". Munthu wongoona mndandanda umenewo angaganize kuti zonse ziwiri zinagulitsidwa ngati zinzake. Zimbale zosonkhanitsa zoterezi zimasalaza mbiri, ndipo olemba pa intaneti ambiri amakopera pamenepo osafunsa. Gulu lomweli lili ndi chitsanzo china chosonyeza kuti mndandanda umodzi sukwana: "Dear God" inayamba ngati nyimbo ya kuseri kwa single ya "Grass" mu 1986, sinali m'makope oyamba a chimbale cha Skylarking, koma mawailesi a ku America ataikonda anaiwonjezera m'chimbalecho n'kuitulutsa payokha mu 1987. Choncho nthawi zonse lembani dziko, chaka ndi mtundu wa mbale.

Tsopano mbale ili m'manja mwanu, kapena wogulitsa wakutumizirani zithunzi. Igwireni m'mbali ndi zikhatho, muipendeketse pafupi ndi windo kapena pansi pa nyali. Pakati pa mzere womaliza wa nyimbo ndi lebulo pali kabwalo kosalala konyezimira. Mukaisuntha pang'onopang'ono kuwala kukagunda bwino, mumaona timanambala ndi tizilembo, tina todindidwa ndi makina, tina tolembedwa ndi dzanja ngati mwana wakanda ndi singano. Imeneyo ndi nambala ya matrix. Nthawi zambiri imabwereza nambala ya pa lebulo n'kuwonjezera A1 kapena B1, kusonyeza mbali ya mbale ndi kudula koyamba. Akatswiri ena odula mbale ankasainanso pamenepo. George Peckham ankalemba "A Porky Prime Cut", ndipo mukaona "Bilbo" ameneyo ndi Denis Blackham. Kagalasi kokulitsa zinthu kamathandiza, kapena jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho. Koperani zonse ndendende, ndi timipata tomwe, kenako yerekezani ndi zomwe zalembedwa pa Discogs komanso zithunzi za makope omwe anagulitsidwa ku nyumba za okushoni zodziwika. Wogulitsa akamazemba kukutumizirani chithunzi cha kabwalo kameneka, msiyeni.

Pa CD, monga ya "Wrapped in Grey", tembenuzani muone kamkombero konyezimira kozungulira bowo. Nambala ya matrix ili pamenepo. Manambala ang'onoang'ono oyamba ndi IFPI, omwe amasonyeza fakitale, anayamba kuikidwa mu 1994. CD yonena kuti ndi ya 1992 koma ili ndi IFPI ndi ya pambuyo pake. Ikakhala yobiriwira kapena yabuluu kunsi, imeneyo wina anaiotcha pa kompyuta kunyumba. Chimodzimodzi chikuto chonena kuti ndi cha 1977 koma chili ndi bakhodi, chifukwa nthawi imeneyo mbale za ku Britain zinalibe timizere timeneto.

Pa msika wina wa mbale, m'holo ya tchalitchi, bambo wina anandionetsa "God Save the Queen" ya lebulo ya A&M, ataimata kapepala ka mtengo wa mapaundi 40. Mbiri ya mbale imeneyi ndi yodziwika bwino. Sex Pistols anasaina ndi A&M pamaso pa atolankhani kunja kwa Buckingham Palace pa 10 Malichi 1977, pa 16 Malichi kampani n'kuwathamangitsa, ndipo pafupifupi makope onse 25,000 omwe anali atadindidwa, a nambala AMS 7284, anaphwanyidwa. Opulumuka amagulidwa mapaundi oposa 10,000. Ya bamboyo inali yapulasitiki yofiira, m'chikuto cha chithunzi cha Mfumukazi chomwe Jamie Reid anakonza. Yeniyeni ndi yakuda, inali m'chikuto wamba cha kampani ya A&M, ndipo chithunzi cha Reid chinabwera ndi kope la Virgin la mu Meyi. Nditawafunsa, anavomera mosavuta kuti ndi yongotengera, anati anthu amagula yokongoletsera khoma. Sindinawaone ngati wakuba. Vuto limadza mbale yotere ikadutsa m'manja atatu kapena anayi, kapepala ka mapaundi 40 katachotsedwa, n'kufika kwa munthu yemwe sanaonepo yeniyeni.

Za mitengo sinditaya nthawi. Musayang'ane zomwe ogulitsa akupempha, yang'anani zomwe anthu analipiradi. Tsamba la Popsike limasunga zotsatira za malonda a mbale a pa intaneti, Discogs imaonetsa mitengo yomwe kope lililonse linagulidwira, ndipo magazini ya Record Collector imatulutsa buku la mitengo ya mbale zosowa. Funsani wogulitsa kuti mbaleyo anaitenga kuti. Yankho ngati "bambo anga ankagwira ntchito ku fakitale yodinda mbale" kapena "inachokera ku laibulale ya wailesi" likhoza kufufuzidwa, makamaka ngati pali chidindo kapena kalata ya kampani. Lipirani m'njira yoti mukhoza kubwezeredwa ndalama katundu akakhala wabodza, osati kutumiza ngati mphatso kwa mnzanu, ngakhale akulonjezeni kutsitsa mtengo.

Zomwe mwapeza zilembeni m'kope limodzi kapena pa kompyuta, mzere uliwonse ndi komwe mwazitenga. Ine ndimagawa tsamba pawiri. Kumanzere ndimalemba zomwe ndaona ndi maso, monga nambala, matrix, tsiku la mu Music Week ndi malo pa tchati. Kumanja ndimalemba zomwe anthu ananena, dzina la wonenayo ndi chaka chomwe ananena, chifukwa woyimba akamakumbukira patapita zaka 20 nthawi zina amasiyana ndi zomwe ananena sabata yomwe zinachitikayo. Chiwerengero cha makope opulumuka chimakhala kumanja pafupifupi nthawi zonse. Masamba ambiri amatchula nambala imodzimodzi chifukwa onse anakopera malo amodzi. Pa XTC, tsamba la okonda gululi lotchedwa Chalkhills lili ndi mndandanda wa mbale zawo wosamalidwa bwino kwa zaka zambiri, ndipo ndi poyambira pabwino poyerekeza ndi zomwe mwapeza nokha.

Abale anga amene mukugula kuno kuti mutumize kapena kupita nazo kumudzi, mbale ya pulasitiki imapindika ndi kutentha ndipo ikapindika siwongokanso bwino. Ichotseni m'chikuto chake, muiike m'kathumba kake ka mkati pambali pa chikutocho kuti m'mphepete mwake musang'ambe pepala paulendo, kenako muzitsekere pakati pa makatoni awiri olimba. Muinyamule m'chikwama cha m'manja, isalowe m'sutikesi yopita pansi pa ndege. Mukafika isungeni choimirira, kutali ndi windo ndi khoma lomwe limawombedwa dzuwa masana, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musaisiye m'galimoto ngakhale kwa ola limodzi.